Funsani Amalume: Peabody anali ndani, nanga amene wapeza ayambire kuti kugawa?

Mwezi uno makalata ambiri akukamba za ndalama ndi kupatsa, nde ndasankhapo atatu chifukwa yankho la imodzi likulowa mu inzake.

FUNSO: Amalume muli bwanji kumeneko? Ine ndine bambo wa ku Matero, ndinapuma pantchito. Mwana wanga wamkazi ndi nesi ku London, manje posachedwapa wapeza nyumba, kafulati chabe, ndipo tikukamba pa WhatsApp anandionetsa chikwangwani pakhoma cholembedwa kuti Peabody. Ati aneba ake anamuuza kuti nyumba zimenezo zinayamba ndi ndalama za munthu wa mabanki wa ku America amene anamwalira kalekale. Ine zandivuta kumvetsa. Munthu anafa agogo athu asanabadwe, ndalama zake zingakhale bwanji zikali kugwira ntchito? Nanga chinamutuma nchiyani kukamangira anthu a dziko la eni, kwawo kunalibe osauka? Bambo wa ku Matero.

YANKHO: Atate, choyamba tithokoze kuti mwana wapeza pogona, London si malo ophweka kupezako nyumba. Aneba aja sanamunamize ayi. Munthuyo dzina lake George Peabody, anabadwa pa 18 February 1795 ku South Danvers m'chigawo cha Massachusetts ku America, m'banja losauka la ana 8. Sukulu anangoilawa zaka zochepa, atafika zaka 11 anamuika pa golosale ya munthu wina kuti aziphunzira ntchito, kusesa, kuyeza katundu pa sikelo, kulemba angongole m'buku. Mu 1811 bambo ake anamwalira atasiya ngongole, chaka chomwecho moto waukulu unawononga tauni ya Newburyport komwe mnyamatayu ankagwira ntchito mu shopu ya mkulu wake, bizinesi nkugwa. Anali ndi zaka 16 zokha, mayi ndi azing'ono ake maso onse ali pa iye.

Anasamukira ku Georgetown, ku Washington, ndipo pa nkhondo ya 1812 ya pakati pa America ndi Britain anadziwana ndi wamalonda wina wotchedwa Elisha Riggs amene anali ndi mpamba. Mu 1814 anayamba limodzi bizinesi ya holoselo, kuitanitsa nsalu ndi katundu wina ku England nkumagulitsa kwa a mashopu ang'onoang'ono, pambuyo pake anaisamutsira ku Baltimore. Ngati munaonapo mmene a holoselo a ku Kamwala amachitira, kuoda mabelo kunja nkumapikulitsa kwa a m'misika, ntchito yake inali yomweyo basi. Ulendo woyamba wa ku England anapita mu 1827 kukagula katundu, ndipo mu 1837 anakhazikika ku London mpaka kalekale.

Apa mpamene wamalonda a nsalu anasanduka munthu wa banki, ndipo njira yake ndi yosavuta kuimva. Wamalonda wa ku America akafuna katundu ku England, eni katundu samamudziwa, sangamupatse pangongole. Koma Peabody amamudziwa, amadziwa kuti akati ndilipira amalipiradi. Nde iye amaimira anzakewo, kusaina kuti ndalama ibwera, nkumadyapo kangachepe pa ntchito imeneyo. Kenaka anayamba kugulitsa mabondi a zigawo za ku America kwa anthu a ndalama a ku Ulaya, ndiye kuti boma la chigawo likukongola ndalama zokumbira ngalande za zombo ndi kumanga njanji, likulonjeza kubweza ndi chiwongoladzanja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840 zigawo zingapo, kuphatikizapo Maryland ndi Pennsylvania, zinaleka kulipira chiwongoladzanja chija ndipo munthu wa ku America ku London amayenda wazolika mutu. Ife a Zambia manyazi amenewa tikuwadziwa, paja mu November 2020 dziko lathu linalephera kulipira pa ngongole ya Eurobond. Peabody sanathawe, anapitiriza kukakamiza akuluakulu a Maryland kuti abweze za eni, komanso iye mwini anagula mabondi ambiri pamene anthu amawataya motchipa. Maryland itayambiranso kulipira mu 1848 mitengo inakwera ndipo anapindula kwambiri. Nde musaganize kuti anali munthu wofewa pa bizinesi ayi, amadziwa kuwerengera, wouma manja ndithu pa zake zomwe.

Mu 1854 anatenga Junius Spencer Morgan kukhala mnzake mu kampani. Mu 1857 kunagwa vuto lalikulu la zachuma moti kampaniyo ikanatha kugwa pakanapanda ngongole yochokera ku Bank of England. Atapuma mu 1864 kampani inasintha dzina nkukhala J.S. Morgan & Co., ndipo mwana wa Junius uja ndi J.P. Morgan amene dzina lake mumalimva mpaka pano pa nkhani za mabanki.

Tsopano ku funso lanu lenileni. London wa nthawi imeneyo, anthu ogwira ntchito zamanja amakhala mothinana, banja lonse chipinda chimodzi, madzi oipa, zimbudzi zosakwana, kolera kumabwera nkumapita ndi anthu. Amene munaona zomwe kolera inachita ku Kanyama ndi makomboni ena mu 2017 mpaka 2018, ndiponso mu 2023 mpaka 2024, simufunika kuuzidwa zambiri. Mu 1862 Peabody anapereka mapaundi 150,000 kuti athandize osauka a mu London, ndipo ananenetsa kuti pasakhale kusankha chipembedzo kapena chipani. Anawonjezera kangapo mpaka zonse zinakwana mapaundi 500,000. Nyumba zoyamba zinatsegulidwa mu 1864 pa Commercial Street ku Spitalfields. Nyumba zambiri zotsatira amazimanga zosanjikiza, zanjerwa, zozungulira bwalo pakati kuti ana azisewera kutali ndi msewu, mpopi ndi chimbudzi zili pafupi zogawana mabanja ochepa, ndi malo ochapira zovala. Kwa ife lero zingaoneke zazing'ono koma kwa mayi amene amatunga madzi pa chitsime choyandikana ndi dzenje la zonyansa, kunali kupulumuka kwa ana ake.

Nanga ndalama sizinathe bwanji? Chifukwa sanagawe m'manja. Akanati aliyense wosauka alandire paundi imodzi, pofika sabata yamawa zonse zikanakhala zitalowa m'mimba. Iye anaziika m'manja mwa matrasti, anthu odalirika oyang'anira thumbalo motsata malamulo olembedwa, ndipo nyumbazo sizinali zaulere, anthu amalipira lendi yotsika. Lendi ija imakonza nyumba, yotsala imamanga zina, palibe mwini amene amatengako phindu kukadyera kwawo. Zatero kuyambira nthawi imeneyo, bungwe lakula, laphatikizana ndi mabungwe ena a nyumba, moti lero lili ndi nyumba zoposa 100,000. Lendi imene mwana wanu akulipira ikulowa mu mtsinje womwewo.

Zoti kwawo anakuiwala, ayi atate. Mu 1852 anapereka ndalama zomangira laibulale ku tauni yomwe anabadwira. Mu 1857 anayambitsa Peabody Institute ku Baltimore komwe bizinesi yake inakulira, muli laibulale ndi sukulu ya nyimbo. Mu 1866 anapatsa mayunivesite a Harvard ndi Yale madola 150,000 iliyonse kuti amange nyumba zosungiramo zinthu zamaphunziro. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, zigawo zakumwera zinali zitaphwasuka, nde mu 1867 anakhazikitsa thumba la maphunziro lothandiza masukulu ndi kuphunzitsa aziphunzitsi kumeneko, limene atawonjezera mu 1869 linafika madola 2 miliyoni. Zonse pamodzi anapereka madola oposa 8 miliyoni, ndalama za nthawi imeneyo. Mukaona bwinobwino, malo ambiri amene anapatsa ndi malo amene anamudyetsapo: komwe anabadwira, komwe anaphunzira malonda, komwe analemerera. Ku London anakhalako zaka zoposa 30, anthu amene amasenza katundu padoko ndi kusesa misewu imene amayendamo anali aneba ake, sanali alendo.

Sanakwatire. Mfumukazi Victoria inafuna kumupatsa ulemu waufumu wa ku Britain koma anakana, anakhalabe nzika ya America. Mu 1868 tauni yakwawo inasintha dzina nkukhala Peabody. Anamwalira pa 4 November 1869 ku London, m'nyumba ya mnzake. Thupi lake linayamba lasungidwa ku Westminster Abbey komwe kuli manda a mafumu, kenaka sitima yankhondo ya Britain yotchedwa HMS Monarch inalinyamula kupita nalo ku America, nkukaikidwa ku Salem, kufupi ndi kwawo, mu February 1870.

Ife a mu Lusaka izi siziyenera kutidabwitsa. Ambiri mchombo unatsala ku Chipata, ku Petauke, ku Lundazi, koma ana anabadwira ku Matero ndipo maliro akagwa pa neba timagona panja limodzi osafunsa kuti kwanu nkuti. Mwana wanu naye tsiku lina mudzamva kuti akuthandiza wina wake kumeneko amene si wa mtundu wathu, musadzakhumudwe nazo atate, bola kuno asakuiwaleni.

FUNSO: Amalume ine mtima wanga suli pamalo. Ndinayamba ndi salaula ku Soweto, chilimba chinandikweza, manje ndili ndi shopu ku Kamwala ndi antchito angapo, Mulungu wandiona. Kutchalitchi kwathu ku Chawama kuli ana amasiye amene ndimawagulira mayunifomu, nsapato ndi mabuku, wina ndikumulipirira ku koleji. Abale anga kumudzi ku Katete anamva, ati ndikudyetsa ana a eni pamene magazi anga akuvutika, ati chibale ndi fupa sichiola. Koma amalume iwonso ndimawatumizira, mwezi ukatha foni siima, uyu feteleza, uyu chipatala, uyu malata, mpaka shopu yayamba kuchepa katundu. Ana aja ndiwasiye? Mayi wa ku Chawama.

YANKHO: Amai, ana aja musawasiye. Koma mawu amene andiopsa m'kalata yanu si a abale a ku Katete, ndi akuti shopu yayamba kuchepa katundu. Ndiye kuti mwayamba kugawa mpamba, osati phindu, ndipo mukapitiriza choncho chaka chamawa sipakhala cha amasiye, sipakhala cha kumudzi, ndipo antchito anu amene nawonso ali ndi mabanja akhala pakhomo.

Peabody amene ndamufotokoza pamwambapa vuto lanuli analidziwa. Atangoyamba kupeza, anabweza ngongole za malemu bambo ake, anaombola nyumba ya mayi ake, anaphunzitsa azing'ono ake ndi ana a abale ake. Mmodzi mwa iwo, mwana wa mlongo wake, Othniel Charles Marsh, anamulipirira ku Yale mpaka anakhala katswiri wotchuka wofukula mafupa a nyama zakalekale. Nde abale anu sakulakwa kunena kuti pakhomo payenera kuoneka. Koma onani kuti chomwe amawapatsa kwambiri chinali sukulu ndi pogona, zinthu zoti munthu aime payekha. Ndipo mphatso zikuluzikulu zija anayamba mu 1852 ali ndi zaka 57, bizinesi itazika mizu. Sindikunena kuti mudikire kukalamba ayi, ndikunena kuti sanadule mtengo kuti athyole zipatso.

Chitani izi. Mwezi ukatha khalani pansi ndi buku lanu, chotsani za katundu, za lendi ya shopu, malipiro a antchito, msonkho, za pakhomo panu, ndi zosunga. Pa zotsalazo dulani gawo limene mungakwanitse mwezi uliwonse ngakhale malonda atavuta ngati mmene amavutira mu January, muliike pa akaunti yakeyake kapena pa nambala ina ya mobile money imene si ya shopu. Likatha latha, ofuna adikire mwezi wamawa, kupatula matenda aakulu ndi maliro. Ndipo musadzayerekeze kutenga kaloba kuti muthandizire munthu, chiwongoladzanja chake chidzakudyani inu nokha, amene munamuthandiza ali phee kwawo.

Za kumudzi musazithere pafoni. Kwerani basi pa Intercity mupite, muitane amalume anu ndi azakhali, mukhale pansi muwaonetse poyera kuti pachaka mungathe zakuti. Muwafunse okha kuti chimodzi chachikulu chimene chingawachotse pa kupempha nchiyani, kaya ndi feteleza wogulidwa nthawi yabwino mvula isanagwe, kaya mbuzi zoti ziziswana nkumapatsirana, kaya mwana mmodzi wanzeru apite ku koleji adzanyamule anzake. Akasankha okha pamaso pa akuluakulu, mawa savuta kuwakumbutsa. Ena adzanyinyirikabe, musadabwe, amene anazolowera kulandira payekha mwakachetechete sakondwa zinthu zikaikidwa pabwalo. Akakutchulirani mwambi wa fupa uja, inunso akumbutseni mwaulemu kuti makolo omwewo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu ku Chawama ndi kumene mumagona, ndi amai a kutchalitchi kumeneko amene adzayambe kufika mukadwala usiku.

Za ana amasiyewo, kuyambira 2022 sukulu za boma sizilipiritsa fizi, nde mukuchita bwino kulunjika pa yunifomu, nsapato, mabuku ndi koleji, mpamene ana ambiri amagwera. Za koleji muzilipira nokha ku akaunti ya sukulu nkusunga malisiti, osapatsira munthu m'manja. Musawonjezere ana ena msanga, kuli bwino ochepa amene muwafikitse kumapeto kusiyana ndi ambiri oti mudzawasiye pa giredi 10.

Ndipo pali china chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa chifukwa ambiri timachiopa. Bwanji mutadwala, kapena Mulungu atakuitanani? Lamulo lathu la 1989 la chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo limagawa motere: 20 peresenti kwa mwamuna kapena mkazi wotsala, 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa makolo, 10 peresenti kwa amene amadalira malemuyo. Ana a kutchalitchi aja akhoza kudzapezapo kochepa chabe kapena osapezapo kanthu, ndipo amene akudandaula lerowa sindikhulupirira kuti adzawakumbuka. Nde ngati mukufuna kuti thandizoli lidzapitirire, chitani mwa Peabody koma pa msinkhu wanu. Shopu ikadzachira mangani tizipinda tiwiri kapena titatu ta lendi, mapepala ake akhale olongosoka ku khonsolo, mupite kwa loya mulembe kuti lendi ya tizipinda timeneti ndi ya sukulu ya ana, theka a kumudzi theka a ku Chawama ngati mungakonde, ndipo osainira ndalamazo akhale awiri kapena atatu osachokera banja limodzi. Loya adzafuna yake inde, koma ndi yochepa poyerekeza ndi milandu ya pambuyo pa maliro imene tonse taionapo.

FUNSO: Amalume ine ndine mnyamata wa ku Kalingalinga, ndinamaliza koleji koma ntchito kulibe. Kunena zoona nkhani za olemera opatsa zimandinyansa, amafinya anthu kenaka nkugula dzina labwino ndi zotsala. Ndipo nthawi zonse ndi azungu chabe, wakuda wa ndalama amene anachitapo zotere alipo? Mnyamata wa ku Kalingalinga.

YANKHO: Mphwanga, mkwiyo wako uli ndi pogwira ndipo sindikuuza kuti uutaye. Peabody yemweyo ali ndi pomufunsa. Nyumba zake za ku London zimafuna munthu wa malipiro okhazikika woti azikwanitsa lendi sabata ndi sabata, nde osaukitsitsa enieni, a maganyu a lero lili mawa palibe, ambiri sanalowemo. Thumba lake la maphunziro kumwera kwa America linayenda ndi tsankho la nthawiyo, oliyendetsa anavomereza masukulu olekanitsa azungu ndi akuda, ndipo masukulu a ana akuda amalandira zochepa, chonsecho makolo awo anali atangotuluka kumene mu ukapolo. Zimenezi nzoona ndipo nzowawa. Komanso mphatso ya munthu mmodzi singalowe m'malo mwa malipiro oyenera kwa antchito, msonkho wolipidwa mokhulupirika, ndi boma lokumba ngalande kuti Kanyama isamire mvula ikagwa. Wolemera amene amabera antchito ake nkukajambulitsa akugawa matumba a ufa, ameneyo umudzudzule ndithu. Koma ine sindingauze banja limene likugona m'nyumba youma lero kuti nyumbayo ilibe ntchito chifukwa womanga anafuna kutchuka. Funso limene ndimafunsa ndi lakuti ndalama anazipeza bwanji, ndipo chimene anasiya chikuthandiza ndani iye kulibe.

Akuda alipo. Strive Masiyiwa wa ku Zimbabwe, mwini kampani ya mafoni ya Econet, ubwana wake anakhalako ku Kitwe konkuno, ndipo iye ndi mkazi wake Tsitsi kuyambira 1996 akhala akulipirira sukulu ana amasiye kudzera mu bungwe lawo limene lero limatchedwa Higherlife Foundation, kwawo ndi m'mayiko ena monga Lesotho ndi Burundi. Mo Ibrahim wa ku Sudan, amene anayambitsa Celtel imene akuluakulu ako amaimbira mafoni, ataigulitsa mu 2005 anakhazikitsa bungwe lolimbikitsa utsogoleri wabwino mu Africa mu 2006. Koma wa mabanki weniweni, ndipo amene akukukhudza iwe, ndi Tony Elumelu wa ku Nigeria, wa banki ya UBA imene ili ndi nthambi muno mu Lusaka. Bungwe lake linayamba mu 2010, ndipo mu 2015 analonjeza madola 100 miliyoni kuti athandize achinyamata a mabizinesi 10,000 a m'mayiko onse 54 a mu Africa pa zaka 10. Osankhidwa amaphunzitsidwa kaye za bizinesi kenaka nkupatsidwa mpamba wa madola 5,000 wosabweza, ndipo a Zambia akhala akusankhidwa nawo.

Opempha ndi ochuluka kwambiri kuposa osankhidwa, nde usaike mtima wonse pamenepo, koma ngati uli ndi ganizo la bizinesi yesa. Mafomu amatsegulidwa mu January pa intaneti, pa TEFConnect, ndipo kulembetsa nkwaulere, aliyense wokuuza pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti utumize ndalama kuti akulowetse ndi wakuba. Pakali pano yamba kulemba m'kabuku chimene ukufuna kugulitsa, ogula ako ndi ndani, katundu ukamutenga kuti ndi pa mtengo wanji, ndipo ngati ungayambe ndi kochepa komwe uli nako yamba, chifukwa pa fomu adzakufunsa zomwezo.